Chitedze M'malaya a Achimwene

Linali Lachisanu, nyengo ya mwera, sukulu titatsekera. Ndinkayanika usipa pathandala. Mayi ankapeta mpunga. Malaya oyera a achimwene anga a Hamisi anali pachingwe, kudikira swala, pemphero la masana kumzikiti.

Utsi unaoneka cha kudambo. Tinkati wina akutentha udzu. Kenako mbuzi zinadutsa pabwalo zili paliwiro, popanda wozipirikitsa. Pambuyo pake panadutsa mayi wina atasenza ndowa yopanda madzi. Sanatipatse moni.

Mkangano unali wa dambo la mpunga. Anthu a tsidya la mtsinje ankati ndi lawo, ife tinkati ndi lathu. Unayamba ndisanabadwe. Sabata imeneyo wina anazula zikhomo za malire, wina anamenyedwa, ndipo tsikulo iwo anawoloka ndi zikwanje.

Kwathu kuno asodzi akamakoka khoka amayimba. M'nyimboyo amatchula amuna olimba mtima: amene anamira akupulumutsa anzake, amene analimbana ndi ng'ona kuti mwana athawe. Lamulo lake ndi limodzi. Wamoyo salowamo. Achimwene ankaiyimba mokweza kuposa onse, ndipo akafika pa mayinawo ankaimika khosi ngati akudikira kuitanidwa.

Kusukulu aphunzitsi anatiuzapo za ndakatulo zitalizitali zamakedzana, za kumayiko akutali. Mmenemo ngwazi imadziwiratu kuti ifa, koma sibwerera m'mbuyo. Imagwa, dzina lake n'kumayimbidwa mpaka lero. Ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti nanga wolakatulayo anabisala pati pamene anzake ankagwa, popeza iye anatsala n'kudzafotokoza. Anandigwaditsa pamiyala. M'mawa mwake pampando pawo panali chitedze. Sanandigwire.

China chinatsala. Ndinkachisunga m'kabotolo ka mafuta odzola, kudenga.

A Bakali, mnzawo wa achimwene wa bwato limodzi, anafika atanyamula nkhafi. Anati amuna akukumana paulalo, iwo atsogola. Anamwa madzi, n'kuvundikira chikho pamtsuko. Anapita osatsanzika.

Achimwene anayamba kunola chikwanje pamwala. Akazi awo, alamu anga a Asiyatu, anali ndi pakati potopa. Anakhala pakhomo, manja pamimba. Mayi anagwira mwendo wa achimwene. Iwo anawamasula zala chimodzichimodzi, mwaulemu.

"Amina, tanditengera malaya oyera aja," anatero. "Ngati n'kufa, ndife nditavala bwino."

Ndinakawatenga. Ndinadzera kaye m'nyumba. Ndinakhuthulira kabotolo konse m'malayamo: m'khosi, m'khwapa, kumsana. Ndinawapatsa ndi manja awiri, nditagwada monga mwana woleredwa bwino.

Anavala n'kunyamuka. Anafika pamtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo. Anaima. Anakanda paphewa. Anayenda pang'ono, n'kuimanso. Chikwanje chinagwa. Mabatani anathothoka. Munthu amene wagwidwa ndi chitedze saganiza za dzina lake, amaganiza za madzi. Anathamangira kunyanja akukuwa dzina langa pamodzi ndi mawu ena amene sindingalembe pano.

Ife tinatsatira. Ndinagwira alamu padzanja. Mayi anasenza lichero la mpunga momwe linalili, mankhusu ndi zonse. Kumbuyo kwathu kunkamveka malikhweru ndi kusweka kwa zitseko.

Padoko anthu ankakankhana. Boti la amalume linali litadzaza kale, koma anatikweza. Achimwene anali m'madzi olekeza m'khosi, akudzipala ndi mchenga. Amalume ndi amuna ena anawakokera m'boti ngati kampango. Sanalimbane nawo. Manja onse awiri anali ndi ntchito.

Mwera unali wamphamvu. Anandipatsa chigubu chodula kuti ndizikapa madzi. Tili panyanja tinaona mudzi. Nyumba zaudzu ndi zimene zinayamba kupsa. Zamalata zinkangotulutsa utsi m'mawindo. Kamwana kena kanafunsa ngati nkhuku yake yakwera boti lina. Nthawi ya swala inakwana, koma kumzikiti sikunamveke kuitana.

Manja anganso ankayabwa. Ndinkawaviika m'madzi okapawo. Achimwene anawayang'ana, ofiira mpaka m'zigongono. Anandiyang'ananso kumaso. Ndinaluma mlomo wam'munsi kuti ndisaseke.

Tinakocheza ku Liwaladzi, kwa mayi aang'ono. Anatiyalira mphasa pakhonde. Alamu anagona chammbali, mapazi atatupa. Mayi anapitiriza kupeta mpunga uja.

A Bakali anawapeza m'mawa mwake pafupi ndi ulalo. Nkhafi inali yothyoka pakati, theka lili m'manja. Anali okha. Amuna ena aja anabwerera ataona kuchuluka kwa obwerawo. Anaikidwa tsiku lomwelo. Achimwene anapitako n'kukanyamula nawo jeneza, chonyamulira maliro, khosi lili mikwingwirima ya zikhadabo zawo zomwe.

Atachokera kumanda anandipeza kuchitsime.

"Ndikanakhalapo, Bakali sakanafa yekha."

"Zoonadi, achimwene," ndinatero. "Mukanafa awiri."

Sanandilankhulenso mpaka mvula inagwa.

Titabwerera kumudzi tinapeza makoma okhaokha. Usipa unapsera pathandala. Mtsuko unali pamalo pake, wakuda, chikho chili chivundikirire.

Amalume anandiuza kuti ndikapepese, poti ndinavula mwamuna ulemu pamaso pa anthu. Ndinapita. Ndinagwada. Ndinati ndikupepesa chifukwa cha malaya, anali okongola. Zinazo ayi. Lero ana akawaona achimwene akudutsa amayamba kudzikanda m'khwapa. Sindinena kuti anawaphunzitsa ndani.

Alamu anachira mwezi womwe mudzi unapsa. Mwanayo ndi wamwamuna. Anamutcha Bakali.

Dambo lija nkhani yake sinathe. Zikhomo anazikhomanso, ndipo anthu amapita kukalima m'magulu. Nyimbo ya khoka tsopano ili ndi dzina latsopano. Achimwene amakoka nawo chingwe, koma akafika pamenepo amatsitsa mawu. Ine ndimaima pamchenga nditabereka mwana wawo, ndipo ndimamvetsera mayina onse mpaka lomaliza. Lawo mulibe.

Kabotolo kaja ndinakadzazanso.