Nthambi za Panjira ya ku Mlolo

Amuna anga anabwera ndi njinga kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito m'minda ya fodya, Chitaganya chitangoyamba kumene. Kwathu ku Zemba njinga inkapatsidwa ulemu: angolo ankaipatukira, amayi ankaimitsa musi kuti aione ikudutsa. Ine ndinali mkazi wawo dzina lokha, mkazi weniweni anali njingayo. Inkagona m'nyumba, inkapukutidwa m'mawa uliwonse, ndipo pamatope ankainyamula paphewa, ine ndikutsatira pambuyo ndi mtolo pamutu.

Koma kupalasa ankakudziwa, pamenepo sindingawanamizire. Njira zathu zinali zodzaza misampha: zitsa zobisala m'udzu, minga yoboola chubu, makwawa okumbidwa ndi ngolo m'dzinja, mchenga wakudambo umene unkagwetsa anyamata odzitama atsikana akuona. Mbuzi zinkagona pakati pa njira osamva belu, nkhuku nazo zinkadikira kuti tayala lifike kaye ndiye zidutse. Iwo ankazemba zonsezi mwakachetechete, ine ndili phee pakaliyala. Chimene chinkatichedwetsa kwenikweni chinali ulemu wawo. Akangoona imvi patsogolo, ankatsika, kuvula chipewa, kuwomba m'manja, kufunsa za kunyumba mpaka za nkhuku zomwe. Ndinkawaseka kuti njingayo anaigulira kukankha.

Chaka china mvula ili mkati, mwana wathu woyamba, wamkazi, adakali kubere, anadwala malungo. Dzuwa lili pamutu anayamba kuphupha, maso atatembenuka. Ndinamubereka, tinakwera, ulendo wa kuchipatala cha mishoni kupitirira Mlolo. Tsiku limenelo ndinaona kupalasa. Matope anathovukira kumbali, ulalo wamitengo anauwoloka osatsika, akuluakulu panjira anangowakwezera dzanja.

Tikulowa m'mudzi wina, tinaona nthambi zaziwisi zitagonekedwa chopingasa panjira. Aliyense kwathu amadziwa: pamenepo pali maliro, wanjinga atsike, avule chipewa, ayende pang'onopang'ono mpaka atadutsa nthambi zakutsogolo. Mudziwo unali wautali. Mwana kumsana kwanga anali atasiya ngakhale kubuula.

"Bambo, musatsike, ndagwira mwendo wanu," ndinatero.

"Mayi, pamaliro sindingadutse ndili pachishalo," anayankha. Anatsika.

Ndinawada mumtima, sindibisa. Ndinkayenda pambuyo pawo misozi ili chuchuchu, ndikutukwana ulemu wonse wapadziko. Anthu anali atakhala pansi mbali zonse za njira, amayi akulira m'nyumba ya siwa. Titayandikira ndinaona mphasa yokulungidwa, yaifupi kwambiri. Anali maliro a mwana.

Pakati pa amuna pananyamuka bambo wina wamaso ofiira, amene anzake anali atamukhalira mozungulira. Sindinafunse kuti ndi ndani, zinkaoneka zokha. Anabwera, anavundukula nsalu kumsana kwanga, anamuyang'ana mwanayo kanthawi.

"Akupuma?"

"Pang'ono," ndinatero.

Anatembenukira amuna anga. "Achimwene, kwerani. Manda amodzi atikwanira lero."

Amuna anga anazengereza, chipewa chili m'manja. Bamboyo anachitenga n'kuwaveka yekha. Titakwera, anagwira kaliyala n'kutikankha chothamanga pamchenga wapakati pa mudzi, akukuwa kuti anthu apatuke. Pothera mudzi anatisiya, anathamangira kutsogolo n'kukokera nthambi zija kutchire ndi manja ake.

Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka, amuna anga atatoperatu moti analephera kuimika njinga yawo yokondedwayo, inangogwera m'matope. Sanaicheukire n'komwe. Mwana anabayidwa jakisoni, ndipo m'mawa mwake anafuna bere. Pobwerera tinatsika pamudzi uja kukapepesa maliro. Bambo wofedwa uja anamunyamula mwana wathu nthawi yaitali.

Mwana uja lero ali ndi zidzukulu. Amuna anga anapalasa mpaka maondo atakana, ndipo sanasiye kutsikira imvi, ngakhale pamene zawo zinali zitaposa za anthu amene ankawatsikirawo. Tsiku la maliro awo, anyamata anagoneka nthambi panjira yathu, anjinga onse ankatsika chipewa kumanja. Amayi anzanga ankandiuza kuti ndikhale mkati mwa siwa, koma ine ndinakhala pafupi ndi khomo, maso ali kunjira, kuti mwina wina angatulukire ndi mwana kumsana.