Kumunsi Kuno Sindikumva

Chaka chimene nyanja inaphwa mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi pa njinga, ndinaganiza zochoka. Pepala la zoyezayeza m'labotale ndinali nalo, koma ntchito yanga inali kuthandiza Baba kuwamba milamba, ndipo milambayo kunalibe. Mwayi utapezeka pa yunivesite ina ku Joni sindinachedwe. Baba anangofunsa ngati kumeneko kuli mzikiti, basi.

Ntchitoyo mpaka lero imandivuta kufotokoza. Tinkatenga timaselo ta mitsempha ya mbewa, ija imamva kutentha ndi ululu, n'kutiika m'kambale. Pakhungu pa kaselo kalikonse pali timakomo. Ukadonthezapo madzi a tsabola timakomoto timatseguka, mchere wina wotchedwa kashiamu n'kulowa kuchokera kunja, ndipo kaseloko kamawala pa kompyuta chifukwa cha utoto umene tinkakamwetsa. Kenako kamapopera kashiamuyo kunja, wina n'kusunga m'kati, kuwala kuja n'kuzima. Kumva kumayambira pamenepo. Kashiamu akachuluka osatuluka, kaselo kamatopa, mwina kufa kumene. Kwathu zonsezi anazidula mwachidule: Hawa amadyetsa mbewa tsabola. Achimwene anga atamva zoti kashiamu, dzina limene ankaliona pathumba la feteleza, anauza anthu onse a ku Songani kuti ndili ku kampani ya feteleza.

Ndinkasungulumwa kwambiri. Lamlungu linkatha ndisanatsegule pakamwa, kupatula ndikaimba foni kumudzi. Tsiku lina tili pa foni Baba anati, "Hawa, kumunsi kuno sindikumva."

Kumunsi kwathu ndi kunyanja, ndipo kunyanja netiweki ndi yovuta. Ndinawauza kuti akwere pachulu. Mwezi wotsatira anabwereza mawu omwewo, ine n'kutumiza ndalama ya foni yatsopano. Anathokoza bwinobwino. Atanenanso kachitatu ndinapsa mtima, ndinawauza kuti vuto ndi makutu awo osati foni, ndipo sananenenso.

Ankanena mapazi. Ine amene ndinkatha tsiku lonse ndikuyang'ana mitsempha ya kumva.

Ndinadziwa patapita zaka ziwiri, achimwene ataimba kuti Baba aponda khala pa ng'anjo yowambira nsomba, ndipo anazindikira ndi fungo. Kuchipatala anapeza shuga, n'kunena kuti bala likapanda kupola phazi lichoka. Ndinakwera basi sabata yomweyo.

Ndinapeza nyanja itadzazanso, mabwato ali mbwee, fungo la matemba paliponse. Zonse zinali m'malo mwake, koma anthu ankandipatsa moni ngati mlendo wa boma. Amayi anandilandira ndi ulemu wochuluka moti ndinachita mantha. Tili awiri kuseri kwa nyumba ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Bambo ako anakuuza katatu, ine ndili pompo," anatero. "Iwe n'kutumiza foni. Tinangoti mwina ophunzira amayankha choncho."

Ndinayesa kufotokoza za kumunsi kwa nyanja ndi kumunsi kwa munthu. Amayi anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati anandikhulupirira. Nanenso pofotokozapo zinkamveka ngati bodza. Zaka zonsezo Amayi ndi amene ankagogoda nsapato za Baba m'mawa kuti musakhale kamwala, kuyesa ndi chigongono madzi osamba asanapite kukaswali, kuyang'ana pakati pa zala ngati pali minga. Palibe anawaphunzitsa. Ine ndinabwera ndi zithunzi za timaselo towala m'foni, osadziwa woti ndimuonetse.

Baba okha ndi amene anafuna kumva za ntchito yanga. Atakhala pamkeka, phazi lomangidwa bandeji lili pamtsamiro, anamvetsera za timakomo ndi kashiamu mpaka kumapeto. Kenako anafunsa ngati timakomo tawo tinangotsekeka kapena tinathyoka, poti chotsekeka munthu amatsegula. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, kuti za mbewa m'kambale ndi za phazi la munthu zimatalikirana. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti ndiyese basi phazi linalo, labwinolo, monga ndimayesera kuntchito, tione ngati latsala ndi kanthu.

Ndinalinyamula n'kuliika pamwendo panga. Linali lozizira, lolimba ngati thabwa la bwato. Ndinawauza kuti atseke maso, akamva anene. Ndinakanikiza chala chachikulu, kenako pakati, kenako chidendene. Ndinatsina ndi zikhadabo mpaka zinasiya timizere pakhungu.

Baba, maso ali chitsekere, anafunsa modekha, "Wayamba, mwanangu?"