Kupepesa kwa Bana Kabwe

Ku Chawama, mu mzinda wa Lusaka, kuseri kwa msika, kuli nyumba ziwiri zoyang'anana makomo, ndipo pakati pake pamadutsa ngalande imene imasefukira dzinja lililonse. Ina ndi ya Luse Katongo, amene komboni yonse imawatcha bana Kabwe, kutanthauza mayi ake a Kabwe. Inayo ndi ya telala Abdulmajid, amene makolo ake anachokera ku Mangochi, ndi mkazi wake Mwanaima.

Bana Kabwe anabadwira ku Mufulira bambo awo akugwira ntchito pa mgodi. Ntchito itatha banja linabalalika, iwo n'kugwera ku Lusaka kwa azakhali awo, kumene anakulira akulera ana a eni nyumba. Anakwatiwa ndi kondakitala wa minibasi, munthu wa nthabwala amene sanakhalitse padziko. Anawasiyira mwana mmodzi, Kabwe, ndi chipinda chodontha. Kuyambira pamenepo akhala akukazinga vitumbuwa pa kona ya msewu. Pa maliro ndiwo amafika oyamba, ndiponso ndiwo amatsala kutsuka miphika ena atapita. Palibe anawasankha pa udindo umenewu. Ntchito inangowapeza, monga madzi amapezera malo otsika.

Koma chimene anadziwika nacho kunja kwa Chawama si vitumbuwa ayi. Ndi tsiku limene Kabwe anaphwanya makina osokera a ba Abdulmajid.

Chinali chaka cha masankho. Telala amasokera aliyense wobweretsa nsalu, ndipo tsiku limenelo pa chingwe cha ba Abdulmajid panali malaya osokedwa ndi chitenge cha chipani china. Anyamata a chipani chinzake, amene kuno amati makada, anadutsa atamwa, akuimba. Kabwe anali pakati pawo, mnyamata amene anakula akudya m'mbale za ba Mwanaima. Iye ndi amene ananyamula makinawo n'kuwaponya m'ngalande. Ba Abdulmajid atagwa pofuna kuwagwira, wina anawaponda dzanja. Zala ziwiri sizinawongokenso. Lero amangosoka mabatani ndi kupinda m'mphepete mwa mathalauza.

Kabwe anathawira ku Solwezi. Mayi ake anatsala ndi khomo la anthu olakwiridwa likuwayang'ana m'mawa uliwonse. Chimene anachita ndi kutunga madzi. Ba Mwanaima ankachezera kuchipatala, choncho bana Kabwe ankaima pamzere wa pa pompi kawiri, n'kusiya zidebe pakhomo pa anzawo osagogoda. Poyamba madziwo ankatayidwa m'ngalande iwo akuona. Kenako anasiya kutayidwa. Dzinja litadutsa, tsiku lina chidebe chinabwerera chili ndi anyezi pansi pake. Umu ndi mmene zinayambira kupola, popanda wonena kanthu.

Bungwe loona za ufulu wa anthu linafika pambuyo pake. Linatsegula kaofesi mu holo ya mpingo, ndipo kunena zoona linathandiza ambiri: amayi amasiye olandidwa nyumba, anyamata osungidwa kupolisi popanda mlandu, anthu omenyedwa pa nthawi ya masankho. Linakhazikanso pansi mabanja awiriwa, linaitanitsa Kabwe kudzapepesa, n'kupezera ba Abdulmajid makina ena akale. Tsiku limenelo anajambula chithunzi, bana Kabwe atagwada, ba Mwanaima akuwadzutsa.

Chithunzicho chinayenda kutali. Kuyambira pamenepo, alendo akabwera kudzaona ngati ntchito ya bungweli ikubala zipatso, amayi awiriwa ankaitanidwa. Alendo ankasintha, azungu, akuda, achinyamata a makompyuta m'manja, koma mwambo unali umodzi. Bana Kabwe ankasesa holo, kubwereka mipando kwa oyandikana nawo, kuyenda khomo ndi khomo kuitana anthu. Kenako ankakhala kutsogolo pambali pa ba Mwanaima n'kufotokoza zonse kuyambira pa malaya mpaka pa zala. Ba Mwanaima ankafotokoza za kuchipatala. Bana Kabwe ankapepesanso, awiriwo ankagwirana chanza, anthu ankawomba m'manja, magalimoto ankapita.

Chimene alendo sankachiona ndi mawa lake. Khomo la ba Mwanaima linkakhala lotseka. Moni ankayankhidwa ndi mutu basi. Ba Abdulmajid ankatembenuza mpando wawo kuti uyang'ane kukhoma. Sikuti anali anthu osunga chakukhosi. Koma munthu ukamuuza kuti afotokoze mmene anatolera mwamuna wake m'matope, amakafika kunyumba matopewo ali m'maso. Ndiye bana Kabwe ankayambanso: kusesa mpaka pakhomo pa anzawo, kuwanulira zovala mvula ikabwera, kusiya vitumbuwa pazenera. Nthawi zina zinkatenga masabata angapo, nthawi zina mwezi ndi kupitirira. Mtendere umene alendo ankabwera kudzauyeza, iwo ankausokanso alendowo atachoka, ndipo ulendo uliwonse nsalu yake inkaoneka yopyapyala kuposa kale.

Chaka chino ba Mwanaima anachita chinthu chimene sanachitepo chichitikire chiwawa chija. Anawoloka ngalande, anaima pafupi ndi mbaula, nati mwana wawo Thuwaiba akukwatiwa Loweruka likubwerali.

"Mubwele muphike nafe," anatero. "Mpunga ni wambili, ine msana wanikana."

Kuitanidwa kukadya pa ukwati ndi chinthu china. Kuitanidwa kukagwira mthiko pakati pa abale, iwe wa chipembedzo china, ndiponso mayi wa Kabwe, ndi chinthu chinanso. Bana Kabwe anangoti, "Nizabwela," koma chitumbuwa chimene chinali m'mafuta chinapserera.

Mawa lake kunabwera Moven, mnyamata wa bungwe uja, amene ankayendetsa kaofesi ka mu holo. Anali munthu wabwino, wowonda ndi ntchito, nsapato zake zotha mbali imodzi.

"Ba mayo, vitumbuwa vanu vinunkhila mpaka ku Kafue Road!"

"Ukayamba kutamanda vitumbuwa, ndiye kuti alendo ali pafupi. Kamba chabe."

Moven anaseka mwamanyazi. Anati alendo a ulendo uno ndi omaliza, obwera kudzapima ntchito yonse kuyambira pachiyambi. Akakhutira, othandiza bungwe apitiriza. Akapanda kukhutira, ofesi itsekedwa. Akubwera Lachinayi.

"Lachinayi? Ukwati wa Thuwaiba uli pa Loweluka."

"Ni ka ola kamodzi chabe, ba mayo. Mukamba, mugwilana chanza, basi."

"Kwa iwe ni ka ola kamodzi."

"Nanga nichite bwanji? Banthu bonse bamene tinathandiza safuna kukamba pagulu. Wina aopa apolisi, wina aopa achibale a mwamuna. Imwe na ba Mwanaima ndimwe mulipo."

Bana Kabwe anamukulungira vitumbuwa viwiri m'pepala. Sanalonjeze, sanakanenso.

Masiku otsatirawo anayenda ndi mutu wolemera. Ankadziwa amayi amene ofesiyo inawabwezera nyumba zawo, ndipo ena mwa iwo ankagula vitumbuwa pa kona pomwepo. Ankadziwanso kuti akakafotokoza Lachinayi, Loweruka adzamva fungo la mpunga ali tsidya lino la ngalande, khomo lotseka, ndipo mwayi ngati umenewu subwera kawiri. Thuwaiba ndi mwana womaliza. Anayesa kupemphera, koma ankangopezeka akuganiza za mipando, kuti abwereka kwa yani popeza ina inali italonjezedwa kale ku ukwati.

Lachinayi anazima mbaula m'mawa, anatenga tsache. Anasesa holo, anapukuta mabenchi, ananyamula mipando pamutu kuchokera ku nyumba za kumtunda. Anaitana amene anatha kuwaitana. Pa khomo la ba Mwanaima anadutsa osagogoda.

Mlendo wamkulu anali mayi wa ku Monze, ba Chipego, wa imvi pang'ono, mapazi atatupa m'nsapato. Anali atayenda kale ku makomboni a George ndi Kanyama sabata yomweyo, ndipo ankafunsa mafunso ake mofatsa, ngati munthu amene wamva mayankho ambiri ofanana. Anthu analankhula za misonkhano, za maphunziro amene analandira. Kenako Moven anaimirira n'kunena kuti tsopano amva kwa amayi awiri a pa chithunzi chija. Anayang'ana mpando wopanda munthu pambali pa bana Kabwe, nkhope yake inagwa.

"Ba Mwanaima bali kuti?" ananong'ona.

"Sin'nabaitane."

Ba Chipego anaona kunong'onezanako. Anapempha kuti alankhule ndi bana Kabwe paokha, ndipo anatuluka nawo kukakhala pa khonde la kuseri, pamene pamaunjikidwa mabenchi othyoka.

"Nkhani yanu ndinaimva kale kwa a bungwe," anatero ba Chipego. "Ine chimene ndabwerera n'kudziwa ngati mtenderewo ulipobe. Anzanuwo sanabwere. Mwayambananso?"

"Iyai. Sitinayambane. Ndiye chifukwa sin'nabaitane."

Anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana manja awo. Sanafotokoze za malaya kapena za zala. Anafotokoza za khomo lotseka mawa lake, za mpando wotembenuzidwa, za ukwati wa Loweruka. Anati ofesi ndi yabwino, isatsekedwe, ndipo anatchula zimene anaziona ndi maso, osatchula maina a eni ake.

"Koma ine nalema, mayo," anatero pomaliza. "Mwana wanga analakwa kamodzi. Ine napepesa mpaka sinidziwa kuti kangati. Baja banakhululuka kalekale, koma tikangoiwalako, motoka yabwela."

Ba Chipego anavula nsapato imodzi n'kusisita phazi.

"Amene anandituma amafuna kumva kwa mbali zonse ziwiri," anatero. "Ndikapanda kuonana ndi anzanuwo, adzati nkhaniyi sinatsimikizike. Sindikunamizani, zimenezi zikhoza kuipitsira ofesi. Zimene mwandiuzazi ndikazinena monga mwanenera. Kaya akazimva bwanji, sindidziwa."

"Ni kuseli kwa msika chabe. Ngati mufuna kuyenda, palibe angakuletseni. Koma ine sinizakupelekezani."

Ba Chipego anavalanso nsapato. Sanafunse njira.

Magalimoto atapita, Moven sanawayang'ane bana Kabwe kumaso. Ankapinda nsalu ya bungwe imene inapachikidwa kukhoma, akuipindanso, ikukana kulingana.

"Mukanandiuzako, ba mayo," anatero.

"Nikanakuuza, sembe unayenda kukabatenga wekha."

Zinali zoona. Bana Kabwe anabweza mipando kwa eni ake, ulendo ndi ulendo, dzuwa lili pamutu. Atamaliza, anatenga tsache lawo n'kubwerera kwawo.

Ba Mwanaima anali atakhala pa mpando pakhomo pawo. Anali atavala diresi la paulendo ndi mpango watsopano kumutu, nsapato zili kumapazi, chikwama pamiyendo. Zinkaoneka kuti akhala choncho kuyambira m'mawa.

"Mamotoka nawaona popita, nawaona pobwela," anatero. "Nachoka pa nchito za ukwati, nasamba, navala. Palibe wabwela kunitenga."

"Nine sin'nafune."

"Imwe? Nanga ndani anakuuzani kuti munikambile? Pakamwa nili napo."

Bana Kabwe anaima m'mphepete mwa ngalande, tsache lili m'manja. Izi sanaziganizire. Masiku onsewa ankaganiza za khomo lotsekedwa chifukwa cholankhula, osati chifukwa chosalankhula.

"Nanga munali kufuna kuyenda?" anafunsa.

Ba Mwanaima anayang'ana kumbali. M'nyumba munkamveka phokoso la amayi osenda adyo, ndi makina a ba Abdulmajid akuyenda pang'ono, kuima, kuyendanso.

"Dzulo sin'nagone," anatero potsiriza. "Nenze kukonza mau. Nthawi zonse nimakonza mau, ngati mwana wa sukulu." Anamasula lamba wa nsapato, anaitaya pansi. "Koma tsiku lina muzinifunsa. Musanichite ngati mwana."

"Nalakwa."

"Ah, imwe naimwe! Mwayambanso kupepesa? Lekani, makutu anga alema." Anaimirira, anakankha chitseko ndi chigongono. "Mpunga uli na miyala, wogulitsa uja ni kawalala. Sambani m'manja mubwele. Lichelo mubwele nalo lanu, yathu yonse ili na banthu."

Bana Kabwe analowa m'nyumba mwawo, anatsamira khoma kwa kanthawi, maso ali otseka. Msana unkawawa kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, ndipo tsiku limenelo sanagulitse kanthu. Za ofesi sankadziwa, ndipo Moven anati yankho limatenga miyezi. Anamwa madzi, anasamba m'manja, anatenga lichero pa msomali. Kenako anawoloka, n'kukhala pa mkeka pakati pa azakhali a Thuwaiba, amene anasendera pang'ono kuwapatsa malo osasiya nkhani imene ankakamba.