Maliro a mwana wa a Makwinja asanamveke pa wailesi

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza Esinati, mtsikana wa kubungwe lina lomwe si laboma. Ntchito yake n'kukonza pulogalamu ya pa wailesi yolimbikitsa mtendere. Ankafuna munthu wodziwa njira za kuseri kwa mishoni ya Guilleme, ndipo ine ndinakulira komweko.

Nkhani yake ili motere. A Makwinja ndi tenanti pa esiteti ina ya fodya, kwawo ndi ku Phalombe. Mwezi watha mwana wawo wamkazi anamwalira ndi malungo. Atapempha malo kumanda a mudzi woyandikana nawo, anawakaniza. Chichitikireni chisankho, eni mudzi amati matenanti anavotera chipani cha kwawo. Mwanayo anakagona kumalire a esiteti, m'mabulugamu.

A Makwinja analankhula mu tepi osakweza mawu. "Timapemphera tchalitchi chimodzi. Manda a abale awo ndakumba nawo. Wanga yekhayu ndiye mlendo?"

Ine mtima unandiwawa. Ndinati, "Achemwali, iulutseni mawa lomwe, dziko limve."

Esinati anapukusa mutu. "Ikauluka chonchi, akazi awo akatunga kuti madzi? Mjigo uli kumudzi komweko."

Anapempha a Makwinja kuti alole eni mudzi ayambe amva mawuwo. Atavomera, tinapita kumudziko. Tinapeza amayi akuswa mtedza pakhonde, abambo angapo ali chapafupi. Esinati anawayatsira tepi ija mpaka kumapeto.

Woyamba kulankhula anali mai Nabanda, mtsogoleri wa kwaya. "Kulira tinakumva. Sitinapite. Aliyense ankadikira mnzake ayambe."

Kenaka bambo wina wachikulire, a Phiri, anasendeza mpando. "Nanenso mundijambule. Esiteti ija inatenga minda ya makolo athu. Manda athu afika kale m'malire, kotambasukira kulibe. Zimenezi anatifunsapo ndani?"

Esinati anawajambula onse awiri.

Awerengi anzanga, mabungwe athu ambiri akati akugwiritsa ntchito wailesi ndi nyuzipepala, amatanthauza kanyimbo koti tikondane, kapena chithunzi cha msonkhano wa kuhotela ku Lilongwe m'nyuzipepala. Kodi kanyimbo kanayamba kayanjanitsa ndani? A Makwinja ndi a Phiri onse amakadziwa pamtima.

Ena amachita zimene ndinkafuna ine. Amatola mawu a wolira, kutchula dzina la mudzi, n'kuulutsa. Dziko limakwiya sabata imodzi, kenaka limaiwala. Otsala kumudziko ndiwo amakumana pamjigo, kuchigayo ndi kutchalitchi, wina atachititsidwa manyazi dziko lonse likumva.

Sindikuti choipa chibisidwe ayi. Kukaniza mwana manda n'kulakwa, ndipo pulogalamuyo inena zimenezo. Koma paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikanathamanga, za minda ya a Phiri sitikanazimva, ndipo dziko likanangoti vuto ndi zipani basi.

Pulogalamu iuluka Loweruka, mbali zonse zili momwemo, dzina la mudzi osatchulidwa. Nkhani ya manda sinathe, ya minda sinayambe n'komwe kukambidwa. Chomwe ndamva n'chakuti Lachinayi mai Nabanda ndi anzawo anapita kuesiteti ndi ufa ndi nkhuni, kukapepesa maliro mwezi utadutsa. Akazi a a Makwinja anawalandira, n'kukawaonetsa pamene pagona mwana.

Inu a mabungwe, mukazimitsa tepi n'kukwera galimoto kubwerera kutauni, munthu walankhula uja mumamusiya m'manja mwa yani?