Manja a Amalume a ku Romford

Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti matenda okana mankhwala a chipatala ndi a munthu, mtima umandiwira. Ndimasiya chimene ndikuchita, ndipo ndikapanda kudzigwira ndimayankha mwano ngakhale wonenayo akhale wa imvi. Mawu amenewa ndinawamvera m'nyumba mwathu ku Wembley, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, bambo anga ali kayakaya m'chipatala.

Bambo anathawa kwathu pa mavuto a ndale a m'ma 1960, ine ndi amayi tinawatsatira pambuyo ndili kamtsikana. Sanathawe okha. Anali ndi mnzawo wa paubwana amene anaphunzira naye kumishoni, ndipo malire anadutsa limodzi wapansi. Mnzawoyo sanakwatire. Ankakhala okha ku Romford n'kumagwira ntchito pafakitale, ndipo ana tonse a anthu akwathu tinkangowatchula kuti amalume a ku Romford ngakhale panalibe ubale wa magazi. Loweruka ankabwera pasitima kudzasewera bawo ndi bambo, pa thabwa losema okha, ndi nyemba zouma. Ankanenana kuti wakuba, n'kuseka mpaka amayi kuwadzudzula kuti azungu oyandikana nafe aitana apolisi.

Ine nthawi imeneyo ndinkachita kafukufuku m'labotale ya payunivesite ina, pa kachirombo kotchedwa Acinetobacter. Madokotala ambiri ankakaderera. Kamapezeka m'dothi, m'madzi ndi pakhungu, ndipo munthu wathanzi sikamuchita kanthu. Koma kakalowa m'chipinda cha odwala kwambiri kamasanduka chilombo. Kamakhala moyo pa zitsulo za bedi, pa matiresi ndi m'mapaipi a makina opumira, kudikira munthu wofooka. Ntchito yanga inali kukabzala pa timbale, n'kuikapo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana. Mankhwala akakhala amphamvu, m'mawa mwake pozungulira kapepalapo pankakhala bwalo loyera, kachirombo katalephera kumera. Chimene tinkafufuza n'chakuti tizirombo timeneti timagawana bwanji tizidutswa ta chibadwa chawo tothandiza kukana mankhwala, pakuti timapatsana ngati amayi opatsana mbewu pampanda.

Bambo analowa m'chipatala kukachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Zinthu sizinayende bwino, ndipo anawaika pa makina opumira. Anthu akwathu anabwera kudzazonda monga mwa mwambo wathu, mpingo wonse, ndi mafulasiki a tiyi ndi nthochi za munthu amene sankatha ngakhale kumeza malovu. Manesi ankalola awiriawiri, enawo ankadikira pakhonde akuimba chapansipansi. Amalume a ku Romford anapempha tchuthi kuntchito. Tsiku lililonse ankakhala pambali pa bedi atawagwira bambo dzanja, akuwauza za mitsinje ndi mapiri a kwawo, ndiponso kuti asaganize zothawa ngongole ya bawo.

Kenaka thupi la bambo linayamba kutentha. Chibayo. Anawapatsa mankhwala awa, osatheka, anasintha ena, osathekabe. Dokotala atandiuza dzina la kachiromboko ndinaseka kuseka koipa, mpaka anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Chipatalacho chinkatumiza tizirombo tovuta ku labotale yathu, choncho ndinaiona ndi maso anga mbale ya bambo anga. Kachirombo kanamera mpaka kukhudza timapepala, popanda bwalo loyera, kupatula pa mankhwala amodzi okha amene amawononga impso. Ndinapita kunyumba n'kuwauza amayi m'Chichewa chosavuta kuti mankhwala akukana.

Mawu amenewo sanagone m'nyumba. Anakwera basi, anakwera sitima, anafika ku Greenwich ndi kulikonse kumene kunali Mmalawi, ndipo pobwerera anali atabereka. Wina anakumbukira kuti miyezi ya m'mbuyomo anawaona amalume akutuluka ku ofesi ya kazembe wa dziko lathu. Nkhaniyo aliyense ankaidziwa: mayi awo anamwalira kumudzi, ndipo anapita kukafunsa ngati angaloledwe kukaona manda. Anabwerako chimanjamanja, n'kudzalira pampando wa m'nyumba mwathu, anthu omwewa akuwapepesa. Koma tsopano ulendo umenewo unasanduka umboni. Akuti a kwa kazembewo anawagula, anawapatsa kanthu koti akawathire bambo.

Mantha a akazitape sindiwaseka. Anthu athu anaona zoopsa, ena abale awo anasowa osaonekanso, ndipo panalidi anthu otumidwa kudzamvetsera zimene othawa kwawo akulankhula. Koma mantha aja anadya nzeru za anthu ophunzira, aphunzitsi ndi makalaliki akale, mpaka anafika poti munthu sangadwale chibayo popanda wina kulozedwa chala. Ndipo chala sichinaloze munthu wa mphamvu kapena wa abale ambiri. Chinaloza munthu wokhala yekha, wopanda mkazi womulankhulira.

Lamulungu masana, titatuluka m'mapemphero, anthu anadzaza pabalaza pathu. Amalume sanaitanidwe. Mkulu wa mpingo, amene kwathu anali mphunzitsi wamkulu, anatsokomola n'kuyamba.

"Abale, tisanamizane. Muno ndi mu London. Ma hospital a kuno si a kumudzi. Ngati azungu ayesa mankhwala onse n'kulephera, ndiye kuti matendawa ndi a munthu."

Anthu anavomera ndi mitu. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndi thireyi ya makapu. Ndinaiika pansi, n'kugwada monga anandiphunzitsira amayi, n'kupempha kulankhula.

"Abambo, pepani. Matendawa ndikuwadziwa, ndi ntchito yanga ya daily. Ndi kachirombo ka m'chipatala momwemo. Mu ward muja muli azungu ena amene akudwala komweko, ndipo amalume sawadziwa n'komwe."

"Nanga kakukaniranji mankhwala?" anafunsa mkulu uja.

"Kanazolowera. Mankhwala akamagwiritsidwa ntchito kwambiri, tizirombo tofooka timafa, tolimba timatsala n'kuswana."

"Ndiye kanafika bwanji m'chifuwa mwa bambo ako?"

"Kamayenda bedi ndi bedi. Pa ma machine, pa zovala, pa manja a anthu."

Mayi wina wa ku Greenwich, amene ankavala chipewa ngakhale m'nyumba, anaika kapu yake pansi pang'onopang'ono.

"Pa manja? Ndani wakhala akuwagwira dzanja abambowa kuyambira morning mpaka visiting kutha?"

"Mwamva nokha," anatero mkulu wa mpingo. "Sindinanene ndine. Wanena ndi mwana wa science."

Ndinaimirira osadziwa kuti ndaimirira. Ndinakuwa kuti manesi amawagwira bambo kuposa munthu aliyense, kuti amayi amawagwira, kuti inenso ndimawagwira, kuti mkulu wa mpingoyo anawasanjika manja pamutu popemphera. Ndinawafunsa ngati onsewo ndi akazitape. Anthu aja anali atatola kale chimene ankafuna, zotsalazo zinali phokoso la mwana wopanda mwambo. Amayi, maso atatupa ndi kulira, anandikoka siketi.

"Khala pansi iwe. Chizungu chakulowa m'mutu. Ukufuna abambo ako afe?"

M'mawa mwake amuna awiri a mumpingo anawatsekera amalume njira pakhonde la chipatala. Ndipo chipatala chinawathandiza osadziwa. Bambo anali atawasamutsira m'kachipinda kaokha, ndipo ankalola achibale okha, atavala magolovesi ndi mikanjo. Amayi anauza sisitala wa muwodi kuti bambo wa ku Romford uja si m'bale wathu. Sisitalayo, amene gulu lathu linali litamutopetsa kale, anangokondwa kuti anthu achepa. Ndinamupempha, iye anati mwini wodwala ndi mkazi wake. Ndinapita kwa dokotala kuti adzawauze amayi mosabisa kuti kachiromboka n'ka muwodi mwawo. Anandiyankha mozungulira, mwaulemu kwambiri, kuti nkhaniyo ikufufuzidwa. Ulemu umenewo unandinyansa kuposa mwano. Mawu ochepa ochokera pakamwa pa mzungu wovala choyera akanatha nkhani yonse, koma iye ankateteza mbiri ya wodi yake.

Bambo ankatsitsimuka nthawi zina. Sankatha kulankhula chifukwa cha paipi ya pakhosi, koma chitseko chikatseguka maso awo ankathamangira komweko, kenaka n'kubwerera kudenga. Tsiku lina ndinaona zala zawo zikuyenda pansalu ya bedi, kutola n'kugwetsa, kutola n'kugwetsa, monga amachitira wosewera bawo. Amayi anati ndi malungo. Ine ndinadziwa amene ankamufunsa. Ndinawerama n'kuwauza kukhutu kuti mnzawo amabwera tsiku lililonse koma akumuletsa kulowa. Misozi inatsikira m'makutu mwawo, ndipo ndinaipukuta ndi dzanja la golovesi.

Mankhwala otsala aja anagonjetsa impso asanagonjetse kachirombo. Bambo anamwalira osamuonanso mnzawo. Kumanda amalume anabwera ngakhale sanauzidwe, n'kuima patali pafupi ndi geti, chipewa chili m'manja, mvula ikuwanyowetsa. Anthu ankawadutsa ngati mtengo. Nditafuna kupita komweko, azimayi awiri anandigwira mikono uku akupitiriza kuimba nyimbo ya chikondi cha Mulungu. Nyimbo imeneyo sindinaiimbenso.

Kafukufuku sathamanga. Panapita miyezi kuti timalize kufananitsa tizirombo tonse tochokera m'wodi ija. Zotsatira zake zinali zoonekeratu. Kachirombo ka bambo kanali kofanana ndi ka odwala amene anagona mmenemo bambo asanalowe, ndipo kanapezekanso m'mapaipi a makina opumira. Kanali kakudikira kale bambo ndi amalume akusewera bawo kunyumba. Akuluakulu a mu labotale anasangalala kuti ntchito yatuluka bwino. Ine ndinathamangira kwa amayi.

"Ndiye abambo ako adzuka nazo zimenezo?" anandifunsa, osasiya kusita.

Mkulu wa mpingo anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nkhani zakale n'zosafunika kuzifukula, tikhululukirane. Kukhululukirana! Munthu amene anamusala sanamupepese, mpingo sunamuitanenso, paukwati ndi pamaliro dzina lake silinkatchulidwa, koma iwo ankadya mgonero ndi mitima yoyera. Sanafune kumva chifukwa kuvomera kukanatanthauza kuti analanda munthu amene anali kumwalira mnzake womaliza popanda chifukwa. Anasankha kuti amalume akhalebe mfiti kuti iwo akhalebe Akhristu.

Choncho ndinakwera sitima ya ku Romford. Linali tsiku la msika, ogulitsa akukuwa mitengo ya kabichi, ndipo ine ndinadutsa pakati pawo ndikubwereza mumtima mawu amene ndikawauze. Ndinkaganiza kuti ndanyamula mankhwala. Ndinagogoda. Amalume anatsegula, ataonda mpaka kolala ya shati ikulendewera. Ndinapinda maondo n'kutambasula dzanja, lamanzere litagwira pamkono. Iwo anabwerera m'mbuyo, n'kubisa manja onse kumsana.

"Lowa, mwanawe. Koma moni wa pamanja ayi."

"Amalume, ndabwera kudzakuuzani kuti mulibe mlandu. Tapeza umboni. Kachirombo kaja kanali m'ma machine inu musanapondemo."

"Za ukazitape sindidandaula nazo," anatero. "Ndikudziwa kuti sindinatumidwe ndi munthu. Koma anandiuza kuti iweyo, amene unaphunzira zimenezi, unanena kuti kamayenda pa manja."

"Ndinanena manja a aliyense! A ma nurse, a amayi, anga!"

"Koma amene ankamugwira tsiku lonse ndine."

Ndinafotokoza zonse kuyambira pachiyambi, za mapaipi, za odwala oyamba aja, za timbale. Ndinalumbira pali Mulungu, ine amene ndinali nditasiya kupemphera. Ankangogwedeza mutu mwachifundo, ngati akumvetsera mwana amene akuyesa kuwasangalatsa. Anthu aja sanangowachotsa pagulu. Anawalowetsa mlanduwo m'mutu, ndipo anachita zimenezi ndi mawu a pakamwa panga.

Anati andipangire tiyi. Potenga ketulo anaiwala, manja anatulukira poyera, ndipo ndinawaona. Khungu linali litasupuka mpaka m'mikono, m'zala muli ming'alu yofiira, ina ikutuluka magazi. Pasinki panali botolo la mankhwala otsukira chimbudzi ndi burashi yokwechera pansi. Ataona kuti ndaona, anakankhira kapu kumapeto kwa tebulo ndi chigongono.

"Tenga wekha," anatero. "Iwe ndiwe mwana yekhayo amene mnzanga anasiya. Sindifuna ndikugwire."