Bambo Dyson ndi Khutu la Tiffany

Benchi yachitatu kuchokera ku khomo la tchalitchi chathu ku Nkhudzi yatsala ndi malo a munthu mmodzi. Pamenepo ndi pamene ankakhala Bambo Dyson Chikopa, osoka maukonde, amene tinawaika m'manda mwezi wa Ogasiti.

Anabadwira konkuno, m'banja la asodzi. Sukulu anangoilawa. Atalephera Sitandade 2 anauzidwa kuti abwereze, ndipo anzawo anawapatsa dzina loti agogo a kalasi. Anapirira kwa kanthawi, kenako tsiku lina anataya sileti n'kutsetserekera kugombe, osabwereranso. Mapemphero ndi nyimbo zonse analoweza pamtima. Buku la nyimbo ankalitsegula ndithu pa Misa, nkhope ili phee, moti ambirife tinadziwa mochedwa kuti sankatha kuwerenga.

Anapalasa bwato mpaka msana unakana, ndiye anakhala pansi pa mkuyu n'kumasoka maukonde a anthu. Loweruka ankasesa tchalitchi, Lamulungu ankaimba belu, ndipo pa maliro anali oyamba kugwira khasu. Munthu akabwera ndi madandaulo ankamuuza kuti, "Tipemphere kaye, zinazo tikamba." Ena tinkanyinyirika nawo mawuwa, chifukwa nthawi zina pemphero likatha zokambazo zinali zitaiwalika.

Anaika m'manda akazi awo, Mayi Edith, kenako mwana wawo Agatha, amene anasiya kamtsikana dzina lake Tiffany. Bambo a mwanayo, a Rabson, anakakwatira kwina ku Makanjira, tsidya la nyanja. Tiffany anatsala ndi agogo ake.

Tsiku lolembetsa ana ku sukulu, kadi la kusikelo la Tiffany silinapezeke. Aphunzitsi anangotsata njira yakale ija: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo, akaligwira, wakula. Dzanja la Tiffany linaperewera pang'ono. Bambo Dyson, mtima uli pa sukulu imene inawadutsa iwo, anamukankha mutu ndi chala chakumbuyoku, khutu n'kukumana ndi dzanja. Mwana analembedwa.

Chaka chimenecho chinali chowawa. Tiffany ankagona m'kalasi, ankalira m'mawa, ndipo agogo ake analibe chomuthandiza nacho, poti zilembo zinali zachilendo kwa onse awiri. Potsekera sukulu dzina lake silinamveke pakati pa okhoza.

Aphunzitsi ake, Mayi Enelesi, anabwera okha pansi pa mkuyu paja.

"Bambo, mwanayu si wopusa, koma ndi wamng'ono. Ndikhoza kumukankhira ku Sitandade 2 mukafuna, koma ana kumeneko ndi odzaza kalasi, ndipo iye sanagwire ngakhale a, e, i. Akangokhala kumbuyo mpaka adzatope. Ine ndikuti abwereze, koma mawu omaliza ndi anu."

Madzulo ake Bambo Dyson anaimbira foni a Rabson. Yankho linali lalifupi.

"Akabwereza ndiye kuti sukulu si yake, bambo. Ndidzamutenga. Kuno mayi ake aang'ono ali ndi khanda, akusowa wolera."

Bambo Dyson anasowa pogwira. Akati mwana apite patsogolo, ankamuona atakhala kumbuyo kwa kalasi, osamva kanthu. Akati abwereze, ankaona mwana wa Agatha ali ndi khanda kumsana ku Makanjira; ankamvanso kuseka kwa anzawo kuja, kumene sikunawachoke m'makutu mpaka ukalamba. Anafunsa akhristu anzawo ku mphakati, anthu anagawanika pakati. Anafunsa ansembe, ansembe anati apemphere. Munthu amene ankatuma ena ku pemphero anagwada mpaka mawondo kutupa, koma yankho silinabwere. Mayi Celestina, oyandikana nawo, anawapeza tsiku lina ukonde uli pamiyendo, singano ili pansi.

"Ndaononga mwana ndi chala changachi," anatero. "Ndipo sindikudziwa pomukonzera."

Mwera wa chaka chino unawagwetsa ndi chibayo. Atamva kuti matenda akula, a Rabson anawoloka pa boti, ndipo anafika masana, ansembe atangomaliza kudzoza odwalawo. Bambo Dyson anaitana Tiffany pafupi ndi mphasa.

"Tagwira khutu, mdzukulu wanga. Mutu uwongole."

Mwanayo anadutsitsa dzanja pamutu n'kuligwira khutu lonse, mpaka kulikoka.

"Mwaona, bambo a Tiffany? Chaka chatha silinkafika. Ndinamukankha mutu ndine. Mwanayu sakubwereza ayi, akuyamba kumene. Musamulange chifukwa cha changu changa."

A Rabson anayang'ana pansi. Bambo Dyson anapempha korona yawo yopempherera, ndipo asanamalize kupemphera anapuma mwakachetechete, ngati munthu wogona atatopa ndi ntchito. Anapita osadziwa chimene chidzachitikire mwanayo.

Maliro atatha, a Rabson anabwerera okha ku Makanjira. Pokwera boti anangouza Mayi Celestina kuti, "Akhale kaye kwa inu. Tiona pa Khrisimasi." Sanalonjeze kanthu kuposa pamenepo, ndipo ifenso sitikudziwa.

Bambo Dyson sanatisiyire yankho la momwe tingasankhire pa nkhani zotere. Chimene tinaona n'chakuti ndi mpweya wawo womaliza anachotsa mlandu pamutu pa mwana n'kuusenza okha. Tiwakumbukire m'mapemphero athu, tikumbukirenso Tiffany.

Iye ali mu Sitandade 1 kachiwiri, kwa Mayi Enelesi. Lamulungu amakhala pa benchi yachitatu ija, atatsegula buku la nyimbo la agogo ake. Sabata yatha, pakati pa nyimbo ya chopereka, anapezamo chilembo a. Anachidinda ndi chala n'kutembenukira kumanja kuti awaonetse agogowo.