Amayi Ankaphikira Nsomba

Boma litasamutsira bambo ku Katowo kukaphunzitsa, zaka zija kumsika sunkalowa wopanda khadi la chipani, amayi sanamasule katundu yense. Sutikesi imodzi inangokhala chimangire kuseri kwa chitseko. Akakwiya ankailoza: "Ine mvula ikangotha ndikubwerera kwathu ku Mulanje." Chitumbuka sankachimva bwino, mnzawo analibe. Ine ndinkaopa kwambiri, chifukwa amayi anga sankalankhula zocheza.

Bambo, munthu wosatha kukhala manja lende, anakumba dziwe kudambo n'kuikamo makumba. Madeya okha sanathandize. Miyezi inapita tinsombato tidakali ngati zala. Ndiye maso awo anagwera pa kalongonda amene amayi anabzala kuseri kwa nyumba, nyemba zakwathu zimene anthu akumeneko sankazilabadira.

"Mayi a mwana, tingosinja tiwaze m'madzimo."

"Wosaphika? Mukufuna nsomba zipenge? Kalongonda sachita naye chibwana!"

Kalongonda amazunguza mutu ukamuphika mwaulesi. Umawiritsa, kutaya madzi, kusenda, kuwiritsanso, tsiku lonse. Amayi anaphikira nsombazo monga ankatiphikira ife, kenaka n'kuyanika, kusinja, kusakaniza ndi madeya. Wotola nkhuni ndinali ine, moti makumbawo ndinkawada ndi mtima wonse.

Mbiri inawanda. Mayi wina woyandikana nafe, wamtali, wa mawu ngati belu la sukulu, anabwera kudzadzionera yekha.

"Mama, nadi mukuphikira somba? Na mchere wuwo mukuthiramo?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinati basi, sutikesi ija inyamuka lero. Koma amayi anangomupatsira mthiko: "Takasani, muone ngati n'zoseketsa." Anatakasa akusekabe, utsi ukumuliza. M'mawa mwake anabweranso ndi anzake awiri ndi mtolo wa nkhuni, ndipo msana wanga unapumula.

Tsiku lokolola, makumba anatuluka onona, aakulu ngati chikhatho cha bambo. Bambo ankayenda chotukumuka ngati anaphika ndi iwo. Tikugawira anansi, mayi wamtali uja analandira zake, koma sanachoke.

"Yewo chomene, mama. Kweni ine nkhukhumba mbewu."

Amayi analowa m'nyumba n'kukoka sutikesi ija. Anamasula chingwe. M'katimo ndi mmene ankasunga mbewu yawo yosankha ya kalongonda, yoti akabzale ku Mulanje. Anaikhuthulira yonse m'chitenje cha mnzawoyo.

Sutikesiyo sanaimangenso. Pofika mwezi wotsatira, nkhuku yathu inali ikuikiramo mazira.